Kamaiki kopanira pa sakisi ndi malipenga: kagulidwe, kalumikizidwe ndi poika pake

Monire mose, moni nonse a kuno ku Mzuzu. Ine ndimagwira za saundi, kutchalitchi kwathu komanso m'maukwati ndi m'zinkhoswe, nde chaka chino anthu ondifunsa za timaiki topanira pa sakisi (saxophone) achuluka zedi, wina pa WhatsApp pakati pa usiku, wina kundiimitsa pamsewu ku Katoto, wina kubwera nako kamaiki kake m'thumba titangoweruka mapemphero. Madandaulo ake ndi atatu omwewo. Ndagula koma kangoti zii. Kakulira koma sakisi yanga ikumveka ngati munthu wachimfine. Ndikangosendera kutsogolo masipika akulira tswiii mpaka agogo kugwira m'makutu. Nde ndati ndilembe kamodzi zonse zomwe ndimayankha zija, kuti wina akafunsa ndizingomutumizira, ndiponso kuti achinyamata omwe ayamba kuphunzira zida zouzirazi asataye mtima chifukwa cha kanthu kakang'ono ngati aka.

Tiyambe tamvana mawu. Maiki zomwe tinazolowera, ngati SM58 ija ya oyimba kapena SM57, ndi za mtundu wa dynamic, sizifuna magetsi, mwalowetsa chingwe basi yayamba. Timaiki topanira tambiri ndi ta mtundu wa condenser. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala kwambiri komwe kamanjenjemera ndi mawu, komanso tizipangizo tina tofuna magetsi kuti tidzuke. Nchifukwa chake kamamva zinthu zambiri, mpweya wa woyimba, kukoma kwa reed (kabango kopyapyala ka pouzira sakisi), ngakhalenso zomwe simukufuna kuti kamve. Ndikamati bell sindikunena belu la kutchalitchi ayi, ndikunena kukamwa kotambasuka kuja kwa sakisi kapena lipenga. Ndikamati kakhosi ndikunena kawaya kolimba kopindika komwe kamanyamula kamutu ka maiki, m'mabokosi amalemba kuti gooseneck.

1. Musanatulutse ndalama, kaoneni kaye mikisa

Pitani pa mikisa (chida chosakanizira mawu asanapite ku masipika) yomwe muzikagwiritsa ntchito, kaya ya kutchalitchi kaya ya bandi, mufufuze kabatani kolembedwa 48V kapena PHANTOM. Nthawi zina kamabisala kumbuyo pafupi ndi poyatsira. Phantom ndi magetsi omwe mikisa imatumiza ku maiki kudzera m'chingwe chomwecho chomwe mawu amadutsamo, nde simuona waya wina wapadera. Koma gwirani ichi: magetsi amenewa amatuluka pa bowo la XLR lokha, lija la mapini atatu. Pa bowo la jaki, polowetsa gitala paja, satuluka. Anthu ambiri omwe amandiuza kuti agula maiki yakufa, ndikapita kukaona ndimapeza kuti chingwe chawo mbali ina ndi XLR mbali ina ndi jaki, maiki ili bwinobwino koma ili ndi njala.

Mamikisa a Yamaha MG ndi Behringer Xenyx omwe ali m'matchalitchi ambiri muno ali nako kabataniko. Povuta ndi pa maampu aja a mabowo anayi a jaki okhaokha, komanso masipika a matayala a Bluetooth aja. Ngati zanu ndi zimenezo njira zilipo: kugula kabokosi kapadera kopereka phantom komwe kamakhala pakati pa maiki ndi mikisa, kugula ya wireless, kapena kufuna kopanira ka dynamic ngati Sennheiser e608 komwe sikafuna magetsi.

2. Ya chingwe kapena ya wireless, ndipo samalani pulagi

Ngati mumayimba mutaima malo amodzi pafupi ndi kwaya, tengani ya chingwe. Ndiyotsikirako mtengo, sifuna mabatire, ndipo zovuta zake nzochepa. Wireless ndi ya inu omwe mumaperekeza akwati kuchokera pakhomo la holo mpaka kutsogolo mukuliza.

Apa ndi pomwe ndalama za anthu zimalowera m'madzi. Kamaiki kamodzi komweko kamagulitsidwa mitundu iwiri, ka chingwe ndi ka wireless, ndipo pachithunzi timaoneka chimodzimodzi. Shure Beta 98H/C ndi ya chingwe ya XLR, pomwe WB98H/C ndi ya wireless, kumapeto kwake kuli kapulagi kakang'ono ka mapini anayi kotchedwa TA4F. AKG C519 M ndi ya XLR, C519 ML ndi yolowetsa m'kabokosi ka m'chiuno kotumiza mawu a wireless. Ndiye kampani iliyonse ili ndi kapulagi kake, Sennheiser amagwiritsa ka 3.5 mm komanga ndi mazinga, AKG ka mapini atatu kakang'ono, Shure ka anayi kaja. Ka uyu sikalowa kwa uyo, olo katalowa mawaya a mkati amasiyana.

Timaiki ta wireless timeneti timadya magetsi ochepa chabe ochokera m'kabokosi ka m'chiuno, osati 48V. Nde chonde, ndikupempheni, musapite nako kwa okonza mawailesi kuti adule kapulagi alumikize XLR. Mukatero mwathira 48V pamalo pomwe simuyenera kufika magetsi amenewo, kamutu kakhoza kupsa ndipo kakapsa sikakonzedwa. Pali adaputa yake yeniyeni yomwe imatsitsa magetsiwo, ndi chubu chachitsulo chonenepako chija chomwe chimabwera kumapeto kwa chingwe. Musachitaye, si chokongoletsera.

Za wireless ndionjezepo ziwiri. Zotchipa zambiri zimayenda pa 2.4 GHz, msewu womwewo wa Wi-Fi ndi hotspot, nde kunyumba imalira bwino koma muholo modzaza anthu ndi mafoni awo imayamba kudukiza. Za UHF zimapirirako. Chachiwiri onani chaja cha risiva (kabokosi kolandira mawu a wireless), magetsi athu ndi 230V, katundu wina wotumizidwa kuchokera ku America amabwera ndi adaputa ya 120V yokha, werengani kaye zolembedwazo musanabaye pakhoma.

3. Kugula

Zomwe ndingakulozereni ndi mtima umodzi: Audio-Technica PRO 35 ndi Shure PGA98H kwa oyamba kumene, Beta 98H/C, AKG C519, Sennheiser e908 B kapena Audio-Technica ATM350 ngati thumba likulola, ndipo DPA 4099 ndiye ya akuluakulu, mtengo wake ndi wina. Mitengo sindilemba chifukwa chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa mawa. Ambiri amatuma abale a ku Joni kapena amalonda opita ku Dar es Salaam, nde potuma musanene kuti "maiki ya sakisi" basi, tumizani dzina lonse ndi zilembo zake zakumapeto, komanso auzeni ajambule pulagi asanalipire.

Zabodza zilipo zambiri, bokosi lokongola dzina lalikulu koma mkati zinyalala. Ine ndinagulapo kamodzi kotero, kanalira milungu ingapo kenako kanayamba kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, ndalama sizinabwerere. Mtengo ukatsika mopitirira muyeso dziwani kuti pali chifukwa. Ndipo ngati ndalama zakuchepani, bola SM57 yeniyeni pa sitandi kusiyana ndi kopanira kabodza.

4. Kulumikiza, motsatana kwake

Pa mikisa, tsitsani feda (kotsetsereka kokwezera mawu) ya tchanelo yomwe mulowetsepo maikiyo mpaka pansi, gain (kabatani kokwezera mphamvu ya mawu olowa) nayo pansi, 48V ikhale yozima. Lowetsani chingwe mbali zonse mpaka mumve kuti tcha. Kenako ndiye yatsani 48V, dikirani kamphindi, nkuyamba kukweza. Pochotsa bwererani chambuyo, feda pansi, zimitsani 48V, dikirani pang'ono, zulani. Mukazula kapena kulowetsa magetsi ali mkati masipika amalira phwa, ndipo timatwita, timasipika tating'ono ta mawu akuthwa tam'mwamba tija, timafa ndi zimenezi.

Pa mamikisa ang'onoang'ono kabatani kamodzi kamayatsa phantom pa mabowo onse a XLR nthawi imodzi. Maiki za dynamic zokhala ndi zingwe zabwino sizivutika nazo. Koma ngati wina analowetsa foni, laputopu kapena kiyibodi pa bowo la XLR ndi chingwe chopanga yekha, chotsani kaye musamutsire ku jaki musanayatse.

5. Kupanira ndi kuloza, sitepe yomwe anthu amaidumpha

Apa khalani pansi muwerenge modekha chifukwa nkhani yonse yagona pano.

Pafupifupi aliyense akagula kamaiki amakapanira pa bell nkupinda kakhosi mpaka kamutu kalowe mkati, poganiza kuti mawu amatulukira m'menemo. Pa lipenga ndi zoona, pa trombone ndi zoona, mawu onse amatulukira ku bell. Koma sakisi si choncho. Thupi lake lonse lili ndi mabowo otsekedwa ndi mapadi (tizivindikiro tofewa ta pansi pa makiyi), ndipo noti iliyonse imatulukira kwambiri pa mabowo oyamba omwe ali otsekula. Mukamaliza manoti apamwamba, mawu ambiri akutulukira kumtunda pafupi ndi dzanja lamanzere. Mukamatsika mukutseka mabowo limodzilimodzi, mawu nawo akutsika. Noti yomwe imatulukira ku bell yonse yathunthu ndi B flat yapansi penipeni ija, pomwe mabowo onse atsekedwa. Ndiye kamaiki kakakhala m'kati mwa bell kamamva manoti atatu anayi apansiwo mokuwa kwambiri, ena onse kamangomva mbali yake yakuthwa yokha, thupi lake lasowa. Chimfine chija chimachokera apa. Komanso maiki zamtunduwu zikayandikira kwambiri pomwe pakuchokera mawu zimakuza mabesi, nde B flat imangoti buu kuphimba bandi yonse.

Yesani nokha kuti mukhulupirire. Uzani mnzanu alize pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba, inu tsekani khutu limodzi ndi chala, linalo muliyendetse moyandikira sakisi koma osalowetsa mu bell, mungadzipweteke. Mumva kuti pali malo ena, chakumtunda kwa bell kuyang'ana ku makiyi, pomwe manoti onse akumveka ofanana mphamvu. Pamenepo ndi pomwe kamutu kayenera kukhala.

Kachitidwe kake ndi aka pa sakisi za alto ndi tenor. Panirani m'mphepete mwa bell chakutsogolo kapena chapambali pang'ono, kutali ndi makiyi ndi tizitsulo totchingira mapadi akuluakulu aja. Onani kuti labala wa chopanira alipo mbali zonse, chitsulo chikakhudzana ndi chitsulo chimakanda utoto wa sakisi komanso chimatengera kugogoda konse kwa makiyi ku maiki. Tambasulani kakhosi kakwere m'mwamba kunja kwa bell, kenako mupinde nsonga yokha kuti kamutu kayang'ane chakumbuyo kwa woyimba, pakati pa bell ndi makiyi a dzanja lamanja. Kuchokera pamlomo wa bell kufika pa kamutu pakhale zala zitatu kapena zinayi, masentimita 5 mpaka 8. Kasaloze pakatikati pa bowo.

Mukatero woyimba alizenso kuchokera pansi mpaka pamwamba, inu maso pa timagetsi ta mikisa, makutu ku masipika kapena mahedifoni. Manoti apansi akadumpha kuposa anzake, kwezani kamutu kachoke ku bell kapendekere ku makiyi. Mukayamba kumva gwa gwa gwa wa mapadi kuposa nyimbo, mwapitirira, bwezani pang'ono chaku bell. Mawu akapyapyala ngati akuchokera kutali, sendezani pafupi ndi chala chimodzi. Sunthani pang'onopang'ono, chala chimodzi chokha chimasintha zambiri, ndipo nthawi yonseyi musakhudze EQ (mabatani a HIGH, MID ndi LOW) olo pang'ono, mabatani onse akhale pakati.

Pa ukwati wina ku Chibavi kunabwera mnyamata ndi tenor, woliza bwino kwambiri, koma poyesa zida nkhope inali itagwa, amvekere "achimwene, kodi sakisi yanga yawonongeka? Kunyumba simamveka chonchi." Nditayang'ana, kamaiki kanali kataloweratu m'kati mpaka kasiponji kanyowa ndi nthunzi. Ndinangokatulutsa, kukakweza zala zinayi, kukatembenuzira ku makiyi. Ataliza noti yoyamba anasiya kaye nkundiyang'ana, kenako analiza nyimbo yonse yolowera akwati osaima, amayi ena omwe amakonza maluwa anasiya ntchito nkuyamba kululutira holo isanadzaze nkomwe. Pa mikisa ndinali ndisanagwirepo kanthu.

Mukapeza malo abwino jambulani ndi foni mbali ziwiri, chifukwa mukapinda kakhosi posunga mawa mudzayambiranso kufufuza.

Zida zina mwachidule. Sakisi ya soprano yowongoka ija ndi clarinet ndi zovutirapo, bell imayang'ana pansi pomwe mabowo ali kutsogolo, nde mukaloza mu bell mumangotola manoti apansi. Panirani pa bell koma kakhosi kabwerere m'mwamba motsata thupi, kamutu kayang'ane mabowo apansi, kakhosi kakakhala kakafupi bola maiki ya pa sitandi yoloza pakati pa chida. Lipenga ndi trombone, apo lozani ku bell koma chapambali pang'ono osati pakati penipeni, chifukwa kuthwa konse kumatuluka molunjika ngati muvi, ndipo kamutu katalikire mmene kakhosi kangathere, musiyenso mpata wolowetsera mute (chotsekera cha mu bell chochepetsa mawu) ngati woyimba amagwiritsa ntchito. Chitoliro cha flute mawu ambiri ali pafupi ndi pakamwa, chopanira cha sakisi sichigwirapo, pamafunika kolamba kake kapena ya kumutu ija, ndipo kamutu kakhale pambali kapena pamwamba pa bowo louzira, osati kutsogolo komwe mpweya ukupita.

Chomaliza pa sitepe iyi ndi kachingwe. Nkopyapyala ngati ulusi ndipo ndi komwe kamayamba kufa. Kadutseni pa lamba wa m'khosi kapena pa kangowe ka kumbuyo kwa sakisi, musiye kampata kolendewera, chubu chachitsulo chija chikhale pa lamba wa thalauza. Wina akaponda chingwe chachikulu, chikoke lamba wanu osati kamutu ka maiki. Onaninso kuti kachingwe sikakupanidwa ndi kiyi iliyonse.

6. Gain ndi EQ

Woyimba aliyense poyesa amaliza mwaulemu, koma nyimbo ikafika pokoma, ng'oma zatentha, anthu ayamba kufupa, amauzira kawiri kuposa pamenepo. Nde muuzeni mosabisa kuti lizani mmene mumalizira kolasi yomaliza. Pamenepo kwezani gain pang'onopang'ono mpaka kagetsi kofiira ka PEAK kaphethire, nkubweza pang'ono mpaka kasiye. Ngati gain ili pansi penipeni koma kofiira kakuyakabe, zomwe zimachitika kawirikawiri ndi lipenga, dinani PAD, kabatani kochepetsa mphamvu ya mawu olowa, pa Yamaha MG palembedwa 26dB. Pa wireless kumbukirani kuti kabokosi ka m'chiuno nako kali ndi gain yake, mawu akasweka mmenemo pa mikisa simungawakonzenso, tsitsani komweko kaye.

Kenako dinani kabatani kodula mabesi, kolembedwa HPF, LOW CUT kapena 80. Musaope kuti sakisi ichepa mphamvu. Noti yotsikitsitsa ya alto ili pa 139 Hz, ya tenor pa 104 Hz, ya lipenga pa 165 Hz, nde pansi pa 80 palibe nyimbo yanu, kuli kugogoda kwa makiyi, kugunda kwa mapazi pa siteji yamatabwa ndi kung'ung'uza kwa magetsi basi. Sakisi ya baritone yokha ndiyo imatsika kufika cha m'ma 65 mpaka 70 Hz, imeneyo mverani kaye musanadule. Pa mikisa ya digito mukhoza kukweza podulira mpaka 100 kapena 120 pa alto.

EQ ichepe. Mawu akamabaya m'makutu tsitsani MID pang'ono, pa mamikisa ang'onoang'ono ambiri kabatani kameneko kamagwira cha pa 2.5 kHz pomwe pali kuthwako. HIGH musakweze, condenser ili nayo kale yokwanira. Mukaona kuti mukupotokola mabatani kwambiri ndiye kuti vuto lili ku sitepe 5, bwererani. Rivebu (kubwereza kwa mawu ngati muli m'chipinda chachikulu) pang'ono imathandiza chifukwa kamaiki kali pafupi kwambiri, mawu amauma, koma m'matchalitchi mwathu mwa malata ndi simenti chipinda chimabweza kale mawu chokha, nde thirani ngati mchere.

7. Masipika akamalira

Kulira kuja kumabwera pamene maiki yamva sipika, nkutumizanso ku sipika yomweyo, kuzungulira choncho. Timaiki tambiri topanira ndi ta cardioid, kutanthauza kuti timamva kutsogolo, kumbuyo ndi togontha. Ubwino wa kalozedwe komwe ndafotokoza kaja ndi wakuti kamutu kakuyang'ana kwa woyimba, msana wake uli ku monita ya pansi, sipika ija yomwe oyimba amadzimverapo. Koma bell ndi chitsulo chosalala, woyimba akawerama kuloza bell pa monita, mawu a monita amagunda mu bell nkubwerera molunjika ku maiki, pompo tswiii. Muuzeni asamaweramire pa monita, komanso asamadutse kutsogolo kwa masipika akuluakulu, makamaka a wireless omwe amayendayenda. Ngati njira ya akwati ikudutsa pafupi ndi sipika, yendani nayeni njira yonseyo poyesa zida, mudziwiretu pomwe muzitsitsa feda.

Ndiponso sakisi ndi lipenga zimamveka zokha, woyimba amadzimva kale. Mu monita ikanimo pang'ono chabe kapena osaikamo nkomwe, muikemo kiyibodi ndi mawu a otsogolera nyimbo. Ndipo musamuimike pafupi ndi ng'oma, kamaiki kake kadzatola zimbale zonse.

8. Nthawi yoyimba

Kwa inu woliza, dziwani kuti kamaiki aka kamakutsatani paliponse. Pa maiki ya sitandi mukafuna kuchepetsa mawu mumangobwerera m'mbuyo, apa ayi, kufewetsa konse kuchokere pa mpweya wanu. Yesererani kunyumba kuliza motsitsa noti osagwedera. Ndipo mukasiya kuliza kamakhala kakumvabe, mukamayamwa malovu mu mouthpiece, mukamakhetsa madzi a lipenga, mukamanong'onezana ndi mnzanu za abusa kuti atalikitsa, zonse zimatuluka. Gwirizanani ndi wa pa mikisa kuti azidina MUTE nyimbo ikatha, kapena zimitsani nokha pa kabokosi. Poika sakisi pa sitandi yake yang'anani kuti bell sinaloze ku sipika.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira zedi, chida chozizira chimatsika tyuni, nde uziranimo mpweya wofunda kaye musanatyune, apo ayi anthu adzanamizira maiki.

Mabatire a wireless gulani a alkaline kapena otchaja abwino, aja otchipa a mu tochi ndi wailesi amatha mphamvu mwambo usanathe. Ikani atsopano mwambo usanayambe, awiri ena m'thumba la malaya. Magetsi akazima nkuyatsa jenereta, tsitsani kaye masitala feda ndi kuzimitsa maampu, jenereta ikhazikike, kenako muyatse mikisa, maampu pomaliza.

9. Kusunga, makamaka ndi nyengo yathu ino

Condenser imadana ndi chinyezi, ndipo Mzuzu mukuidziwa, nkhungu m'mawa, mvula yowaza tsiku lonse, zovala osauma. Kamutu kakamwa chinyezi kamayamba kuthetheka kapena kufooka mawu. Mukamaliza chotsani kamaiki pa chida, musakatsekere m'bokosi la sakisi limodzi ndi kansalu konyowa kopukutira mkati kaja. Vulani kasiponji kaume pakokha, kakada kachapeni ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, koma kabwerere pa maiki katauma gwa. Kamutu musakapukute ndi spiriti, musakauzire ndi pakamwa poyesa ngati kakugwira, lizani zala pafupi basi.

Sungani m'kachikwama kake kapena m'kabokosi kapulasitiki kotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi mafoni. Ngati mwayenda nako pa kabaza kapena pa njinga yamoto m'mawa kozizira nkulowa muholo mofunda, katulutseni kakhale kaye mphindi zingapo musanayatse 48V. Kakayamba kuthetheka musafulumire kukataya, kaikeni m'bokosi lotseka ndi silica gel wambiri masiku awiri, nthawi zambiri kamabwerera. Kakapanda kusintha gwedezani kachingwe pang'onopang'ono kuyambira ku kamutu mpaka ku pulagi mukumvetsera, pomwe pathetheke ndi pomwe waya waduka mkati.

Kakhosi musamakawongole ndi kukapinda tsiku lililonse pamalo amodzimodzi, kamatopa nkuyamba kugwa kokha pakati pa nyimbo. Kachingwe kulungani mozungulira momasuka ngati kukula kwa chikhatho, osati kukulunga pa chopanira mothina. Ine m'chikwama changa simusowa SM57 imodzi, sitandi yaifupi ndi chingwe cha XLR chapadera, kopanira kakakana mwambo uli mkati ndimangoimika imeneyo kutsogolo kwa woyimba, chikhatho chimodzi kuchokera pa bell, kuloza pakati pa bell ndi makiyi momwe muja, nyimbo nkumapitirira.